Envulopu ya Bambo Sinabwere

Lachisanu, 3 Meyi

Maenvulopu a chisankho afika lero. Awiri okha, yanga ndi ya mwamuna wanga Rudy. Ya Bambo palibe.

Ndapisa dzanja m'bokosi la makalata mpaka kumapeto, ndakutumula mapepala a malonda aja limodzilimodzi, ndati mwina yamatirira. Ayi ndithu. Bambo anali pakhonde atavala kale magalasi, cholembera chakuda chili m'thumba la shati ngati mwana wopita kukalemba mayeso.

"Angati?"

"Awiri."

"Yanga ibwera mawa. Ya akuluakulu amaitumiza payokha, mwaulemu."

Ndaseka kuti ndiwasangalatse, koma mumtima ndati apa pali nkhani. Chiyambireni kuvota pa positi kuno ku Oregon, envulopu yawo sinachedwepo. Ndipo chaka chino akuifuna kwambiri, chifukwa muli funso la kwathu ku Alder: kuwonjezera kamsonkho kuti ozimitsa moto odzipereka a m'chigwamo agule galimoto yamadzi. Iwo anali m'gulu limenelo kuyambira ndisanabadwe mpaka mawondo atakana. Ndiye moto womwewo n'kudzawadyera nyumba mu Sepitembala, n'kuwabweretsa kuno kutauni kudzagona m'chipinda chathu cha alendo.

Kabuku ka chisankho, kofotokoza mafunso onse, ndiye kafika, kamodzi pakhomo monga mwa nthawi zonse. Alanda. Akuwerenga ndi pensulo m'manja.

Lamlungu, 5 Meyi

Lero likanakhala tsiku lake. Ku Alder, Amayi akadali moyo, Lamlungu loyamba maenvulopu akafika linali la mavoti. Tebulo kupukutidwa, khofi, chitumbuwa cha mabulosi, kabuku pakati. Kukangana mpaka khofi kuzizira, kenako aliyense kuphimba pepala lake ndi mkono ngati pali wakuba. Amayi ankati, "Orrin, ndikangoona diso lako pa pepala langa, ndikuthira khofiyu pa lako."

Masana Rudy watsitsa envulopu yake pa firiji. Bambo angomuyang'ana pamwamba pa magalasi. Wabwezera yekha. Zamveka: muno savota munthu mpaka ya Bambo (ndizingolemba B.) itabwera.

Lolemba, 6 Meyi

Palibenso. Mabilu okha, amenewo ndiye sasochera.

Lachiwiri, 7 Meyi

Nditatula ana kusukulu m'mawa ndaimika basi ya sukulu imene ndimayendetsa, ndaimbira ofesi ya zisankho. Wayankha mayi wa mawu ofatsa, akuti ndi Mayi Carrasco. Ndatchula dzina la Bambo ndi tsiku lobadwa. Ndamva kugogoda kwa makina.

"Dzina lawo lilipo, silinafufutidwe. Kungoti linagonekedwa."

Kugonekedwa? Ine ndimadziwa kuti dzina limalembedwa kapena kufufutidwa, basi. Kaya pali kugonanso. Akuti kaundula ali ndi mayina a maso ndi mayina ogona. Ogona ndi a anthu amene ofesi yataya nawo njira. Savota mpaka atabwera kudzanena kumene ali, ndipo envulopu sawatumizira. Ndafunsa kuti B. anawataya bwanji, munthu amene wakhala pamalo amodzi moyo wake wonse. Akuti m'nyengo yozizira anatumiza kakhadi ku Alder, kanabwerera. A positi analembapo kuti pamalopo palibe bokosi la makalata.

Ndathokoza, ndadula foni, ndakhala kaye m'basimo ndikuseka ndekha ngati wopenga.

Inde palibe bokosi. Likhalepo bwanji, lili pakhonde panga!

Bokosi limenelo B. anawotcherera okha ndi chitsulo chotsala ku makina odulira mitengo, atatopa ndi anthu ophwanya mabokosi a m'mbali mwa msewu. Lolemera ngati mwana wang'ombe. Moto utadutsa, pamalo onse panatsala chumuni ndi ilo, penti yapsa koma zilembo zachitsulo zija, HAUGLAND, zili nji. Tsiku limene anatilola kukaona, B. sanatole china chilichonse. Anakumba bokosi ndi mtengo wake womwe, Rudy n'kuthyoka nalo msana pokweza m'pikapu. Chikhalireni lili pakhonde. Amasungamo mbewu, magalasi akale ndi maswiti amene dokotala anawaletsa. Akafuna khofi amadzutsa kambendera kachitsulo ka m'mbali mwake.

Makalata ena onse ndinasintha ndine, a penshoni, a chipatala, a inshuwalansi, amabwera kuno. Za chisankho sizinandibwerere m'mutu n'komwe. Chimene ndikufuna kudziwa: akadalisiya pomwepo, likuyang'anira phulusa, envulopu ikadabwera? Ndiye kuti boma limakhulupirira bokosi kuposa munthu?

Lachitatu, 8 Meyi

Ndawauza pa chakudya chamadzulo. Atafuna nyama yawo nthawi yaitali.

"Ndiye kuti ndinadzizula ndekha."

Rudy sanachedwe kuyamba zake. Akuti aofesi achita bwino, kaundula amafunika kusesa. Amalume ake anamwalira ali kwina, envulopu yawo n'kumabwerabe kwa azakhali, iwo n'kumalira nthawi iliyonse akaiona. Ndati amalume akowo anali akufa, awa akudya mbatata pamaso pako. Iye akuti, "Nanga aofesi adziwe bwanji? Amve fungo?" Ndinafuna kumulasa ndi foloko, koma funsolo ndi lomveka, n'chifukwa chake landikwiyitsa.

Ndati nkhaniyi ndi yaing'ono. Tipite Lachisanu, mukalembetse adiresi ya kuno, dzina lidzuke, envulopu izibwera pakhomo pano. Ndinalankhula mopepuka, koma chiyembekezo changa chonse chinali pamenepo. Kuyambira Sepitembala ndakhala ndikufuna kuti anene poyera kuti akhazikika kuno. Munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, mawondo otero, akamange nyumba m'chigwa mopanda foni yogwira?

"Ndikalembetsa kuno, funso la galimoto yamadzi lidzakhalapo pa pepala langa?"

Ndati sindikudziwa. Ndipo zoona sindikudziwa.

Lachisanu, 10 Meyi

Tapita. Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Ofesiyo ili pansi pa nyumba ya khoti, kumanunkha mapepala ndi khofi wopsa. Tisanafike pa kauntala pali galasi lalitali, aliyense amaloledwa kuima n'kumaonerera. Ine zaka zonsezi ndimaponya envulopu m'bokosi la pa laibulale n'kumaganiza kuti imagwera m'makina basi. Kodi kuli anthu! Azimayi ndi azibambo achikulire, ena atavala majuzi oluka, aliyense akuyang'ana siginecha ya pa envulopu n'kuiyerekeza ndi ya pa kompyuta. Wina anaweramira envulopu imodzi nthawi yaitali, anaitana mnzake, onse awiri n'kupendeketsa mitu mbali imodzi ngati nkhuku. Ndinamata mphuno pagalasi mpaka B. anandikoka mkono. "Lorna, sunabwere kudzaona nyama."

Mayi Carrasco ndi wamfupi, magalasi ali pa kachingwe. Ndinamupanikiza ndi mafunso. Bwanji a positi osangolondola munthu kumene wasamukira, monga amachitira ndi makalata ena? Akuti envulopu ya voti sailondoletsa, chifukwa mafunso a pa pepala amatengera kumene munthu amakhala. Wa ku Alder ali ndi ake, wa m'tauni muno ali ndi ake. Ndiye yankho la funso la B. ndi limenelo: akalembetsa kuno, za galimoto yamadzi aiwale.

Nanga opanda nyumba, ogona pansi pa mlatho? Amavota, akuti, amangofotokoza pamene amagona, envulopu amadzatengera pa ofesi pomwepo. Nanga a m'sitima za panyanja, ophunzira kutali, asilikali? Onse ali ndi pawo. Ndikadapitiriza, koma kumbuyo kwathu kunali mzere ndipo wina anatsokomola mwadala.

Kenako mayiyo anatembenukira kwa B. Anati anthu a ku Alder abwera ambiri, ndipo lamulo silinawaiwale. Nyumba ikapsa, munthu akhoza kusunga adiresi yake yakale ngati kwawo, ngakhale patsale phulusa lokha, makalata n'kumalandirira kwina. Bokosi silifunika n'komwe. B. anawala nkhope, anasolola cholembera chawo chakuda chija.

"Pali funso limodzi lokha, Bambo Haugland, ndipo posaina mukhala mukulumbira kuti ndi zoona. Kodi muli ndi cholinga chobwerera kukakhala ku Alder?"

Ine ndinali nditatola kale chikwama, ndikudziwa kuti ati inde, ndikukonzekera kukwiya m'galimoto. Koma ayi. Cholembera chili m'malere. Ndinawayang'ana, iwo akuyang'ana pepala.

"Cholinga," anatero. "Osati chifuniro?"

"Lamulo limati cholinga, bambo."

"Mumadziwa bwanji ngati munthu akunena zoona?"

"Sitidziwa. Timakhulupirira siginecha yanu."

Anabwezera cholembera m'thumba. Anafunsa kuti nthawi ali nayo mpaka liti. Akuti mpaka tsiku la chisankho, pa 21, isanakwane 8 koloko madzulo, ndipo pepala adzawapatsira pomwepo. Anathokoza, anavala chipewa, tinatuluka.

M'galimoto sindinafunse kanthu. Ndinkaopa yankho, ndipo sindikudziwa kuti ndinkaopa liti.

Loweruka, 11 Meyi

Ndalipeza lamulolo pa foni, ndaliwerenga ndikudikira zovala m'makina. Kwawo kwa munthu ndi kumene, akachokako, amakhala ndi cholinga chobwererako. Basi. Ndimayembekezera masamba ambirimbiri, koma ndi kachiganizo kamodzi, ndipo kamafunsa za mumtima. Analemba ndani? Anali ataonapo munthu wokalamba amene nyumba yake yapsa?

Ndafunsa R. kusiyana kwa cholinga ndi chifuniro. Akuti, "Ndimafuna kuchepetsa mimbayi. Cholinga ndilibe."

Lamlungu, 12 Meyi

Kwabwera a Merle Tackett, anzawo a B. a ku Alder, ndi nsomba zowamba m'nyuzipepala. Iwo anabwerera kalekale, akukhala m'kalavani pamalo pawo popsapo, ndipo ndi amene akuyendetsa kampeni ya galimoto yamadzi. Atangotsika anayamba.

"Mdala iwe, wanenepa! Akukudyetsa chiyani ana awa, mapilo?"

"Bola ine. Iwe wauma ngati nsomba zakozo."

Atamva za ku ofesi anakhala pansi mwamphamvu, mpando unalira.

"Orrin, wapenga? Funso lake lomwelo? Ine anandifunsa, ndinati inde asanamalize n'komwe."

"Iwe unali utakokera kale kalavani kumeneko."

"Nanga enawo? Theka la chigwa lili m'mahotela ndi kwa apongozi, onse anati inde. Ukuganiza kuti boma libwera ndi tochi kudzakuunika pachifuwa?"

Akuti m'chigwamo mwatsala anthu ochepa, ndipo ena mwa iwo safuna kumva za msonkho ngakhale nsapato zawo zikufuka. Ulendo wapita funso lomweli linagwa ndi mavoti owerengeka pa zala. Akanakhala nayo galimoto ija mu Sepitembala, mwina mbali ya kumtunda ikanapulumuka. Mbali ya kumtunda ndi yathu.

B. anangoti, "Ndikudziwa, Merle."

"Ndiye saina! Malo ndi ako, msonkho umalipira, mkazi wako wagona kumanda a komweko. Ukufunanso chiyani kuti kukhale kwanu?"

Chodabwitsa n'chakuti ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Akunena zoona a Merle, Bambo. Ingonenani inde." Ine yemwe! Amene ndakhala miyezi yonseyi ndikuwasonyeza kuti chipatala chili pafupi, sitolo ili pafupi, masitepe kuno ndi ochepa. Rudy anandiyang'ana kukamwa kuli yasa.

B. anatsegula bokosi lawo, anatenga switi, anapatsako a Merle imodzi. "Sindinasainepo chinthu chimene sindikuchidziwa. Ndisiyeni ndichidziwe kaye."

A Merle pochoka anamenya bokosilo ndi chikhatho. "Ili likuwola pano, ine makalata ndikulandirira m'ndowa ya penti yokhomera pa chitsa. Wa positi amandinyoza tsiku lililonse."

Lachiwiri, 14 Meyi

Ndasanduka kazitape m'nyumba mwanga momwe.

Dzulo ndawamva pa foni ndi womanga nyumba. "Chaka chamawa? Kapena chinacho?" Kenako, "Ayi, ndangofunsa." Lero ndawapeza akukwera ndi kutsika masitepe a kuseri, akugwira bondo, milomo ikuyenda. Atandiona ati akufuna mphaka. Tilibe mphaka.

Ndikuyesa kuwerenga zizindikiro ngati azimayi a pagalasi aja. Atulutsa mapu a malo awo: abwerera. Afunsa R. ngati khoma la galaji lingalandire mashelefu: sabwerera. Anola fosholo: abwerera. Mutu wanga wazungulira.

Lachinayi, 16 Meyi

Ana a m'basi lero anali ngati amwa shuga. Mutu ukugunda.

Pofika ndapeza B. ali kuseri, mawondo ali m'dothi. Matimati awo aja, amene anafesa m'zitini ndipo amakana kuti ndiwaoke chifukwa "zitini zimanyamulika", awaoka pansi m'mphepete mwa mpanda. Ati mizu inapanikizika. Mwina ndi mizu basi. Sindikufuna kuganiza zambiri.

Maenvulopu athu akadali pa firiji, ayamba kugwira mafuta.

Loweruka, 18 Meyi

M'mawa, ndisanamalize khofi: "Lorna, uza mwamuna wako akweze bokosi m'pikapu. Utenge fosholo, chitsulo chokumbira ndi thumba la simenti. Tikupita ku Alder, awiri."

Ndati basi, asankha, abwerera. Ndipo ndinadabwa kuti ndinasangalala. Njira yonse ndinali kumanga nyumba m'mutu: yaing'ono, yopanda masitepe, ine n'kumapita Loweruka lililonse ndi zakudya. Ndinayamba ndi kuwauza za makalavani otchipa amene ndinaona. Iwo ankangoti "mm", akuyang'ana mapiri. Mitengo yakuda ili chiimire, pansi pake udzu wobiriwira mopweteka maso.

Pamalo pathu ndinaimika. Dzenje la bokosi likadalipo m'mbali mwa msewu, lodzaza masamba. Ndinatsitsa fosholo. B. anatsika pang'onopang'ono, analowa pamene panali geti, ngakhale mpanda kulibe ndipo akanatha kulowera paliponse. Anayenda mpaka pa chumuni, anaima pamene panali khitchini, pamene pankakhala tebulo lija. Anavula chipewa. Ndinawasiya, ndinayamba kuchotsa masamba m'dzenje.

Atabwerera anati, "Bwezera fosholoyo. Tipitirire kwa Merle."

Ndinaganiza kuti akufuna a Merle adzatithandize kunyamula. Ngakhale titaima pa kalavani, B. n'kuloza ndowa ya penti ija pa chitsa n'kunena kuti "Kumba apa", mutu wanga unali usanagwirebe. A Merle ndi amene anamva msanga. Anatuluka ndi kapu m'manja, anayang'ana bokosi m'pikapu, anayang'ana mnzawo, nkhope inagwa.

"Ayi. Ayi, Orrin. Tenga chitsulo chakocho uzipita."

"Wa positi asiye kukunyoza."

"Sindikulifuna! Ukalikumbire pako!"

"Pangapo sipadzabweranso kalata, Merle. Ndayesa kudziona ndikumanga, ndikudula nkhuni, ndikuchotsa chipale chofewa pakhomo. Ndikuona munthu wina, wa mawondo. Kufuna ndikufuna, usiku ndi usana. Koma sindibwerera."

Ine ndinali nditagwira fosholo ngati chitsiru. Mawu amene ndakhala ndikuwadikira kuyambira Sepitembala ndi amenewo, ndipo anandipweteka ngati andiponda pachifuwa. Ndinati, "Bambo, sainani kaye inde, muvote, zinazo tidzaona m'tsogolo." Anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndikabwera ndi nkhani yokhota ndili mtsikana.

"Galimoto imeneyo adzalipire ndi kuidalira ndi amene adzagone muno moto ukadzabweranso. Asankhe okha."

"Ikagwa ndi voti imodzi," anatero a Merle, "ndidzabwera kutauni konko ndidzakuzulire matimati ako onse."

"Udzabwere. Ubweretse nsomba."

Tinakumba. A Merle anatukwana dzenje, simenti, boma, ndi mawondo a B., koma ndi iwo amene anagwira mtengo kuti uime chilili. B. anati abweretsa chopalira adzachotse zilembo za dzina lathu. A Merle anati akangokhudza chilembo chimodzi amuthyola zala, nambala yawo adzalemba m'mbali ndi penti. Mbewu ndi magalasi B. anali atachotsamo kale kunyumba. Maswiti anasiyamo.

Pobwerera ndinalira kuyambira pa mlatho mpaka pa sitolo ya mafuta. B. anandipatsa mpango wawo wonunkha girisi, anati ndiyang'ane msewu.

Lamlungu, 19 Meyi

Pakhonde patsala bwalo la dzimbiri pamene panali bokosi. R. anafuna kukwecha, ndamuletsa.

B. akhala pa foni masana onse, akuimbira a ku Alder amene akumanga kapena ali m'makalavani. "Envulopu yako inabwera? Ayi? Ndiye dzina lako lagona, m'bale wanga. Pita ukalidzutse, ufunse mayi wamfupi wa magalasi a pa chingwe." Apezapo angapo. Wina amaganiza kuti chisankho anachiimitsa chifukwa cha moto.

Lolemba, 20 Meyi

Ku ofesi, pakati pa ulendo wa m'mawa ndi wamasana. Mzere wautali, ndipo ndinazindikira nkhope ziwiri za ku Alder. Mayi Carrasco anatikumbukira.

"Mwaganiza, Bambo Haugland?"

"Ndaganiza. Lembani adiresi ya mwana wangayu."

Sanafunse chifukwa, sanachite nkhope ya chisoni, ndipo ndinamukonda chifukwa cha zimenezo. B. anandifunsa nambala ya nyumba. Miyezi yonseyi akhala pakhomo panga osaidziwa! Anasaina pang'onopang'ono ndi cholembera chawo. Makina analira, pepala linatuluka lofunda, mayiyo analipinda n'kuliika mu envulopu. Anati akhoza kuvotera pomwepo, pali timatebulo totchinga. B. anati ayi, kwathu timavotera pa tebulo la kukhitchini.

Ndinafunsa funso limodzi lomaliza, kuti dzina lodzuka limaoneka bwanji pa kompyuta. Anandionetsa. Liwu limodzi lokha linasintha, pakona.

Lachiwiri, 21 Meyi

Tsiku lachisankho. Nditaweruka ndinathamangira kusitolo, ndagula chitumbuwa cha mabulosi. Si cha Amayi, koma ndi chitumbuwa. R. anapukuta tebulo, anatsitsa maenvulopu athu pa firiji. Khofi, kabuku pakati, zolembera zakuda.

B. anatsegula yawo ndi mpeni waung'ono, anatambasula pepala. Anayendetsa chala kuyambira pamwamba mpaka pansi. Analitembenuza, anayendetsanso chala. Analitembenuzanso. Ankadziwa kuti funsolo palibe, tonse tinkadziwa, koma analifunafuna ndithu. Ine ndinayang'ana m'kapu mwanga. R. anadula chitumbuwa chimene anali atadula kale.

Kenako chala chinaima pansi pa tsamba.

"Ichi n'chiyani? Msonkho wokonzera dziwe losambira?"

Ndati ndi dziwe la tauni, la kuseri kwa sukulu, lakhala lotseka chifukwa likudontha.

"Likudontha pati? Pansi kapena m'mapaipi?"

Ndati sindikudziwa, ine ndimangoti inde. R. ati iye amangoti ayi.

"Zaka zonsezi mukuvota chonchi? Osaliona?" Anavula magalasi, anatiyang'ana ngati tawaba. Kenako anayang'ana wotchi ya pakhoma, anapinda pepala lawo, analiika m'thumba la shati pamodzi ndi cholembera, anayamba kudzuka akugwira tebulo.

"Nthawi ilipo. Rudy, tenga makiyi. Lorna, vundikira chitumbuwacho. Tikalione kaye dziwe lathuli."

Ndikulemba izi chiimire. Ali kale m'galimoto, akuliza hutala.